Funso: Sienta ingafike ku Muona pa Khirisimasi, kapena tiisiye ku Bangula?

Wofunsa (membala wobisa dzina):
Abale anga a m'chigwa, ndithandizeni nzeru. Kwathu ndi ku Muona, mbali ya Fatima, koma ndimakhala ku Blantyre. Chaka chino ndatsimikiza mtima kuti Khirisimasi tikadyere kumudzi banja lonse. Mayi anga akalamba, maondo sakuwalolanso kukwera minibasi, ndipo mwana wathu wotsiriza agogo akewo amangowamvera pa foni.

Galimoto ndi Sienta, yotsika pansi ija. Tidzakhalamo ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu, kumbuyo shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zitenje za agogo. Maganizo anga ndi onyamuka pa 23 December, kuwaonetsa ana nyama ku Majete, kugona ku Nchalo, n'kupitirira kumudzi pa 24. Chikundisowetsa tulo ndi njira. Ndikhotere pa Thabwa n'kutsata msewu wa East Bank, wa kum'mawa kwa mtsinje wa Shire? Nditsike ndi M1 mpaka ku Bangula, galimoto n'kuisungitsa, ife n'kuwoloka pa bwato? Kapena ndizungulire ku Thyolo, kutsikira ku Thekerani? Mvula yayamba kale kugwa. Amene mumayenda misewu imeneyi masiku ano, ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Dalaivala wa minibasi za ku Nsanje:
Achimwene, tiyambe ndi phiri musanaganize za mitsinje. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma chitsetso chija chawononga magalimoto ambiri. Mukayamba kutsetsereka ikani giya yotsika, injini ndiyo izigwira galimoto. Mukamangoponda buleki njira yonse, pofika pakati mumva fungo la kupsa ndipo buleki imalowa pansi osagwira. Ndi katundu amene mwatchulayo muonetse mabuleki kwa makaniko sabata ino, aonenso ladiyeta, chifukwa pobwerera phiri lomwelo limawiritsa injini. Pa Thabwa pali rodibuloko, choncho laisensi, inshuwalansi ndi COF zikhale m'malo. Mafuta mudzaze ku Blantyre konko. Musadalire kuti mukathira kutsogolo, nyengo ya zikondwerero amatha kusowa.

Ndipo usiku ayi. Ng'ombe, mbuzi, ngolo zopanda nyali, njinga zamoto, kuphatikiza anthu amene ayamba Khirisimasi msanga, onsewo msewu ndi womwewo.

Mayi wa ku Masenjere:
Bambo, ine ndimakhala mu msewu wa East Bank womwewo. Vuto lathu kuno si mvula yogwa pamutu panu ayi. Kuno dzuwa likhoza kuswa mtengo, kumwamba kuli mbee, koma kumapiri a Thyolo yagwa usiku wonse. Madzi ake amatsika ndi mitsinje monga Mwamphanzi, Livunzu ndi Nkhate, atanyamula mchenga, miyala ndi zitsa. Amafika mwadzidzidzi ndipo amaphweranso msanga, koma akadutsa amasiya mchenga wofewa pamene panali njira. Galimoto zazitali zimadutsa, zotsika ngati yanuyo zimakhala pamimba, matayala n'kumangozungulira.

Mukasankha njira yathuyi, nyamukani m'bandakucha kuti mitsinje muidutse dzuwa lisanafike pamutu. Mukapeza madzi ofiira akuthamanga, zimitsani galimoto mudikire, ngakhale anyamata a pamenepo atakuuzani kuti tikukankhani. Iwo akufuna ndalama ya tsikulo, inu muli ndi ana atatu kumbuyo. Nyamulani khasu kapena fosholo ndi chingwe cholimba. Kukakhala kuti kumapiri kwachita ng'amba masiku awiri atatu, mudzafika bwinobwino, ena a ma Sienta amafika ndithu.

Mnyamata wa ku Bangula:
Akulu, osavutika. M1 ndi tara mpaka kuno. Dutsani Kamuzu Bridge, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, mufike ku Bangula, galimoto musungitse kwa munthu wodziwika. Pa Mtayamoyo mabwato alipo tsiku lililonse, tsidya linalo njinga zamoto zimakhala zikudikira. Anthu akuwoloka chonchi chidukireni njira ya ku Chiromo mu 1997.

Mphunzitsi wopuma, Tengani:
Mwana wanga wa ku Bangula, wanena zoona kuti anthu amawoloka, koma amawoloka chifukwa chosowa pogwira. Munthu wamkulu yekha ndi kachikwama kake, chabwino. Awa ali ndi ana oleredwa m'tauni, mwina osadziwa n'kusambira komwe, pamwamba apo matumba a shuga. Masiku a Khirisimasi anthu amachuluka pa doko ndipo mabwato amadzaza kupyola muyeso. M'madzi amenewo muli ng'ona ndi mvuu. Ndiye mukafika tsidya, ana atatu muwagawe pa njinga zamoto m'matope a ku Makhanga? Madera amenewo anasintha kwambiri chichitikireni madzi osefukira a mu January 2015, njira zimene bamboyu ankadziwa ali mnyamata zina kulibenso. Ine ndikukana njira imeneyi.

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi. Mayi a kunyumba nawonso za bwato anakaniratu, ndimafuna ndimve kwa ena. Imeneyo taichotsa.

Bambo wa ku Nchalo:
Ine ndiyankhepo za Majete. Pitani, musasinthe maganizo. Malo amenewo nyama zambiri zinali zitatheratu ndi opha nyama mozemba, mpaka bungwe la African Parks linayamba kuwayang'anira mu 2003. Anabweretsamo zipembere, njovu, kenako mikango mu 2012, ndipo pano muli ngakhale akadyansonga. Ana adzaonanso mathithi a Kapichira, pamene pali makina opangira magetsi amene namondwe Ana anawononga mu January 2022 dziko lonse n'kukhala mu mdima. Amalawi timalipira ndalama yocheperako pa geti, ndiye musaiwale chiphaso cha unzika. Mufike m'mawa kwambiri, chifukwa kukatentha nyama zimabisala m'mithunzi, komanso nyengo ino tchire lawirira ndipo madzi ali paliponse, sizisonkhana pa zitsime ngati mu October. Sienta yanu isalowe tinjira ta m'kati, funsani pa geti za galimoto yawo yoonetsera nyama. Ku Lengwe kokha ndikuti dikirani chilimwe, dothi lake ndi makande, likanyowa limagwira tayala.

Koma chimodzi sindinamvetse. Mukagona ku Nchalo ndiye kuti m'mawa mubwererenso mpaka pa Thabwa, kuwolokanso mlatho. Bwanji osagona pa Dyeratu kapena pa boma pa Chikwawa? Mupulumutsa mafuta ndi nthawi.

Namwino, Ngabu:
Achimwene, za galimoto anzanga anena. Ine nkhawa yanga ndi anawo. Kuno ku Ngabu kutentha kumapyola madigiri 40 nyengo yotentha, ndipo mu December kumawonjezera chinyontho, thukuta osauma. Mwana wozolowera mphepo ya ku Blantyre amafooka msanga. Tengani madzi akumwa okwanira ulendo wonse ndi ena apadera oti mwina mwaima pa mtsinje maola angapo, mapaketi a Thanzi ORS, zipewa ndi zovala zopepuka. Musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale mukungogula kanyenya pa Dyeratu.

Chachikulu ndi udzudzu. Aliyense akhale ndi neti yakeyake yochokera kwanu, musakawerengere za agogo. Malungo amaonekera pakadutsa sabata kapena kuposerapo chilumidwireni, ndiye mwana akadzatentha thupi mutabwerera ku Blantyre, mukamuyezetse tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti munali kuchigwa. Madzi a kumudzi muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, nyengo ya mvula ndi ya matenda otsegula m'mimba. Mwayi wanu ndi woti chipatala cha Trinity chili pa Fatima pomwepo. Ndipo ana asapite kukasamba ku mtsinje kapena ku dambo ndi anzawo, ngakhale alire.

Membala wina:
Koma abale, zonsezi chifukwa cha tsiku limodzi? Dikirani August misewu itauma. Agogo atumizireni ndalama pa foni adye Khirisimasi yawo.

Wofunsa:
Ndakumvani, ndipo sindikukunyozani. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi. Koma mayi anga sakupempha ndalama. Nthawi iliyonse tikamalankhula amafunsa kuti adzukulu anga ndidzawagwira liti m'manja. Pa msinkhu umene afikawu, August ndi kutali, ndipo sindikufuna kuti ana anga akapondeko koyamba kwa agogo awo pa maliro. Tchuthi changa cha kuntchito chimagwanso mu December. Anamondwe akuluakulu amene tikuwakumbuka anabwera chaka chitatembenuka: Idai mu March 2019, Ana mu January 2022, Freddy mu March 2023. N'chifukwa chake ndikufuna tipite tsopano ndi kubwerako chaka chisanathe. Sindikuti December alibe ngozi, n'chifukwa chake ndabwera kudzafunsa.

Mayi wa ku Thekerani:
Bambo mwayankhula za mumtima, pitani mukawaone mayi. Njira yathu ya ku Thyolo musaitaye. Imayenda pamwamba pa mapiri, ndiye mitsinje yambiri ya East Bank mumaizemba. Zovuta zake ndi makona, nkhungu m'mawa, ndi chitsetso chomaliza potsikira ku Muona, komanso mvula ikachuluka dothi ndi miyala zimagumukira mu msewu. Ndikanakhala ine, ndikanaisunga ngati njira yobwererera, kuti mitsinje ikakutsekerani muli kumudzi musakakamire kudutsa pa Thabwa.

Dalaivala wa minibasi za ku Nsanje:
Amayiwa anena nzeru. Ndiwonjezere kuti musadzipanikize ndi tsiku lobwerera. Ngati ntchito mukuyamba pa 2 January, nyamukani kumudzi pa 27 kapena 28 December kuti mukhale ndi masiku odikirira madzi. Anthu amene amalowetsa galimoto m'madzi ambiri amakhala oti mawa lake akufunika ku ofesi. Muzimveranso za nyengo pa wailesi madzulo aliwonse.

Wofunsa:
Mwandithandiza kwambiri abale anga, Mulungu akudalitseni. Pakali pano ndaganiza chonchi: galimoto ipita kwa makaniko Loweruka, pa 23 Majete m'mawa, kugona pa Chikwawa osati ku Nchalo, pa 24 kulawirira pa Thabwa ngati kumapiri sikunagwe mvula usiku. Ikagwa, tikwereranso phiri n'kuzungulira ku Thyolo. Maneti ndigula mawa. Chatsala n'chakuti amayi a ku Masenjere, kodi mungalole ndikulembereni ku inbox pa 23 madzulo kuti mundiuze mmene mitsinje ilili? Ndipo ngati alipo wina amene watsika ku Thekerani mpaka ku Muona sabata ino pa galimoto yaing'ono, chonde atiuze mmene chitsetso chomalizacho chilili.

Mayi wa ku Masenjere:
Lembani bambo, palibe vuto. Mlamu wanga amayendetsa njinga yamoto pakati pa kuno ndi Livunzu, ndidzamufunsa asanakagone. Netiweki ikadzavuta, musanyamuke musanamve kwa ine kapena kwa madalaivala a pa Thabwa.