Mpira wagwera kunja n'kubwerera mkati: fair kapena foul?

Mphunzitsi wa masewero, Kasungu:
Akuluakulu oimbira softball, ndithandizeni. Womenya wagunda mpira, wagwera kunja kwa mzere wopita ku besi yachitatu (mabesi ndi malo omwe othamanga amaimapo), kenako n'kugudubuzika kubwerera mkati usanafike pa besi, palibe amene waukhudza. Ena akuti foul (mpira wakunja) poti unayamba kugwera kunja. Nanga wosewera akaugwira mapazi ake ali kunja kwa mzere, timati chiyani?

Woimbira, Mchinji:
Aphunzitsi, umenewo ndi fair, mpira wamkati, masewero apitirire. Pa mamita 18.29 a pakati pa home plate (pomwe womenya amamenyera mpira) ndi besi yoyamba kapena yachitatu sitiyang'ana pomwe mpira wayamba kugwera ayi. Timayang'ana pomwe waima, kapena pomwe unali pamene munthu anaukhudza koyamba. N'chifukwa chake wa pa besi yachitatu akakhala wochenjera, akaona mpira uli kunja koma ukukhotera mkati amauthamangira n'kuukhudza udakali kunja, basi wasanduka foul.

Cholakwika chachikulu ndi kupupuluma. Woimbira wakuwa "foul" mpira udakayenda, masewero aima, othamanga abwerera pa mabesi awo, kenako mpira uja waima mkati. Mawu amenewo simungawabweze. Mabwalo athu afumbiwa ali ndi timiyala ndi zitsa za udzu, mpira umakhota mosayembekezeka, ndiye dikirani mpaka uime.

Mayi wophunzitsa timu ya atsikana:
Za mapazizo zisiyeni, timaweruza mpira osati munthu. Aime kunja, koma ngati golovesi yakumana ndi mpira pamwamba pa dera lamkati, ndi fair. Mzerewo, mabesi ndi home plate yomwe zimawerengedwa mkati, kotero mpira woima pa phulusa kapena laimu penipeni ndi fair. Muzithiranso mzere ukafufutika, mikangano yambiri imayambira pamenepo.

Mphunzitsi wa masewero, Kasungu:
Zikomo amayi. Nanga ukadutsa besi?

Woimbira, Mchinji:
Wonjanja pansi timauweruza pomwe ukudutsa besi. Wadutsa pamwamba pa besi kapena mkati mwake, ndi fair ngakhale ukagwere kunja kutsogoloko. Wam'mwamba wopitirira besi timaona pomwe wagwera koyamba. Ukagunda besi, fair. Koma besi yoyamba ikakhala yapawiri, mbali ina yoyera ina ya olenji, mbali yoyera ndiyo ya mkati. Ukagunda ya olenji yokha ndi foul.

Wina wa ku Santhe:
Onjezani izi. Mpira ukamubwerera womenya n'kumukhudza akadali m'bokosi lomwe amaimamo pomenya, ndi foul, sanatuluke. Ukagunda kathabwa ka woponya n'kutulukira kunja usanadutse besi, popanda woukhudza, foul. Bunt (kungogunda mpira pang'ono dala, osaumenya mwamphamvu) ikapita foul womenya ali kale ndi ma strike awiri (kuphonya kawiri), watuluka.

Ndipo fair sitikuwa. Mumangoloza mkati ndi dzanja mwakachetechete, chifukwa pakati pa phokoso "fair" ndi "foul" zimamveka zofanana ndipo othamanga amaima. Pa foul pokha ndi pomwe mumakweza manja onse awiri n'kukuwa mwamphamvu.