Andiitana ku intavyu pakampani ya mtedza, ndikalankhule bwanji?

NaPhiri_waKuMchinji

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukugwira ntchito kunja kwa yunivesite. PhD yanga inali ya chuku cha mu mtedza, chija chimabweretsa poizoni wa aflatoxin. Chimalizireni ndakhala ndikuphunzitsa mwaganyu ndi kudalira mapulojekiti, ndipo imene ikundidyetsa panoyi ili pafupi kutha. Tsono kampani ina yogula mtedza kwa alimi n'kumautumiza kunja yandiitana Lachinayi likubwerali. Akufuna munthu woona kuti mtedza uli bwino usanapakidwe. M'kalata alemba kuti ndikalankhule kwa mphindi 10 za mmene ndingawathandizire, kenako mafunso.

Masilaidi amene ndili nawo ndi omwe ndinatetezera thesis aja, odzaza matebulo ndi manambala. Ndidule pati? Komanso mnzanga wina akuti ndisakatchule za udokotala, ati mabwana amaopa kuti wophunzira kwambiri sakhalitsa. Ndi zoona zimenezi?

Bambo_aTadala

Achemwali, masilaidi amenewo musadule, asiyeni m'kompyuta momwemo muyambe atsopano. Ine ndimagwira ntchito ku Kanengo ndipo ndimakhala nawo pagulu lofunsa anthu. Amene mukawapeze kumeneko ndi bwana wa welehausi, mkulu wa zachuma, mayi wa HR (woona za ogwira ntchito), mwina ndi mwini kampani. Palibe amene akakufunseni kuti masampulo munasankha motani. Chimene chimawasowetsa tulo ndi kontena yokanidwa. Mukudziwa bwino kuposa ine kuti ku European Union aflatoxin wa mu mtedza woti anthu adye sayenera kupitirira 4 ppb, kutanthauza magawo 4 pa biliyoni. Kontena ikabwezedwa, ndalama ya thiransipoti yapita, kasitomala naye wapita.

Ndiye yambirani pamenepo. Kusukulu anakuzolowetsani kuyamba ndi zimene ena analemba, kenako njira, zotsatira n'kubwera kumapeto anthu atatopa. Kuno tembenuzani. Mphindi yoyamba nenani kuti chuku chimalowera pati, ndipo inu mukachitseka bwanji. Ayendetseni ndi mtedzawo kuchokera kumunda: ng'amba ya kumapeto kwa nyengo, kukumba mochedwa, kuyanika padothi, aja amawaza madzi makoko kuti asavute kuswa, matumba osanjidwa pasimenti popanda mapaleti. Pa malo alionse nenani chochita ndi mtengo wake, ngakhale wongoyerekeza. Kachipangizo koyezera chinyezi pa depoti iliyonse, amayi osankha mtedza pamanja, kuyeza loti (gulu la matumba obwera pamodzi) iliyonse isanasakanizidwe ndi inzake. Wa zachumayo akangomva kuti mukuganiziranso za thumba lake, mwamukoka.

China, chepetsani mawu aja akuti "zikuoneka ngati" ndi "pakufunika kafukufuku wina". Pamsonkhano wa akatswiri amaonetsa kusamala, koma kwa ife amamveka ngati munthu woopa kugamula. Lole ikaima pageti, dalaivala akuliza hutala, mukuyenera kunena kuti tsitsani kapena bwererani nawo. Funso limeneli akakufunsani ndithu, mwina ataonjezera kuti mwini mtedzawo ndi mnzawo wa bwana. Likonzekereni.

Mayi_Nkhoma_Leeds

Ndikugwirizana nawo a Bambo_aTadala, koma pa za udokotalazo mnzanuyo wakusokeretsani. CV aiona kale, ndipo akuitanani akudziwa. Mukabisa mukaoneka ngati mukuchita nawo manyazi. Chofunika n'kukhala ndi yankho lokonzeka la funso lakuti "bwanji mukuchoka ku yunivesite?" Musakadandaule za malipiro kapena za kusowa kwa malo a ntchito. Nenani zoona zimene zikuwakhudza iwo: mwakhala zaka mukuyeza vutoli, tsopano mukufuna kukhala pamene mungaliletse.

Ine ndinachoka ku labu n'kulowa kampani ya zamankhwala kuno ku Britain. Chimene chinandithandiza n'kusandutsa zaka za PhD kukhala nkhani zazifupi. Inu simunangolemba mapepala. Munagwira bajeti, munayang'anira anyamata otolera masampulo, munakambirana ndi mafumu ndi alangizi, mwina makina oyezera masampulo a HPLC anafa pakati pa ntchito inu n'kupeza njira ina. Konzani nkhani zitatu kapena zinayi zotere, iliyonse inene kuti vuto linali lotani, inuyo munachitapo chiyani, ndipo zinatha bwanji. Muzinena kuti "ndinachita", osati "tinachita". Ife Amalawi zimativuta, timaona ngati kudzitama, koma akulemba ntchito inuyo, osati gulu lanu lonse.

Poyeserera, onani pa YouTube mpikisano wa Three Minute Thesis, umene unayambira ku University of Queensland mu 2008. Munthu amafotokoza PhD yonse ndi silaidi imodzi m'mphindi zitatu. Mukatero kafotokozereni azakhali anu amene amalima mtedza wa CG7 kumudzi. Pamene akukwinya nkhope, pamenepo ndi pofunika kukonza.

Chimwemwe_BT

Ine yanga ndi ya ndalama basi. Akakufunsani kuti mukufuna zingati, funsani kaye ngati akunena za ndalama yonse msonkho usanadulidwe kapena yolowa m'thumba. Funsaninso za chipatala, mafuta, ndi ngati malipiro amawaunika chaka ndi chaka. Tonse tikukumbuka mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Penshoni isakhale yokunyengererani nayo, ndi lamulo: bwana amaika 10 peresenti, inu 5. Ndipo sindikizani masilaidiwo papepala, magetsi sapangana ndi munthu.

NaPhiri_waKuMchinji

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. A Bambo_aTadala, nanga tebulo limodzi lokha la zotsatira zanga, lija loonetsa kusiyana kwa mtedza wogula kwa mavenda ndi wa m'makalabu a alimi, nalonso ndilisiye? Limandipweteka mtima, ndinalivutikira.

Bambo_aTadala

Limenelo ndiye litengeni, chifukwa likuwauza koti azigula. Koma lichepetseni likhale mizere iwiri, manambala akuluakulu oti munthu wakumbuyo awerenge. Tebulo lonselo liikeni kumapeto, mukalitulutse pokhapokha wina akafunsa. Ndipo Lachinayi lisanafike, imbirani a HR muwafunse kuti mtedza wawo amagulitsa kumayiko ati, chifukwa malire a aflatoxin amasiyana dziko ndi dziko.