Za kutalika kwa mitambo, yankho ndalipeza

Mwezi watha ndinafunsa kuti setilaiti yoona za nyengo ngati Meteosat, yomwe ili makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, imadziwa bwanji kuti mtambo wakwera motani pomwe imangouona pamutu. Tsopano ndamvetsa.

Nkhani yagona pa kuzizira. Setilaitiyo imayeza kutentha kwa pamwamba pa mtambo ndi kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso komwe zinthu zimatulutsa malinga ndi kutentha kwake, ndipo mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse ukamakwera. Ndinatenga kapepala n'kuwerengera ndekha: pansi pakhale madigiri 25, pamwamba pa mtambo -40, kusiyana ndi 65, ndiye mtambowo wafika makilomita 10. Zinandisangalatsa kwambiri! Koma timitambo topyapyala tija, tooneka ngati nthenga za nkhuku, timapusitsa njirayi. Kutentha kwa pansi kumadutsamo, setilaiti n'kumayesa timitamboto tili m'munsi.

Kukhuthala kwa mtambo kumafuna zida zina. Pa 28 April 2006 anatumiza mumlengalenga masetilaiti awiri, CloudSat ndi CALIPSO, pa roketi imodzi. CloudSat inkaponya mafunde a radar olowa mkati mwa mtambo, n'kuyeza nthawi yomwe atenga kuti abwerere, motero inkaona mtambo ngati mkate wodulidwa pakati. CALIPSO inkagwiritsa ntchito laser (kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi), yomwe imagwira timitambo topyapyala koma imakanika pa mitambo yochindikala yamvula.

Zonse ziwiri zinasiya ntchito mu 2023. Mu May 2024 mabungwe oona za mumlengalenga, ESA ya ku Ulaya ndi JAXA ya ku Japan, anatumiza setilaiti ya EarthCARE, yonyamula radar ndi laser pamodzi. Imangoyeza kamzere kakang'ono ka kumene ikudutsa, choncho Meteosat ikufunikabe.