Desikitopu yamphamvu idakali ndi tsogolo kapena ndingogula laputopu?

Abale ndithandizeni nzeru. Ndimajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati kuno ku Ulongwe m'chigawo cha Tete ku Mozambique, 4K (mavidiyo ooneka bwino kwambiri) ikundivuta pa kompyuta yanga yakaleyi. Ndimafuna ndigule desikitopu yaikulu ngati HP Z kapena Dell Precision chifukwa RAM (memore ya kompyuta) ndi khadi la ma graphics umatha kusintha wekha, koma anzanga akuti zimenezo zikutha, akuti onani Mac Pro ya 2023 ija, desikitopu ya Apple, RAM yake sungawonjezenso. Komanso magetsi akangothima desikitopu imazima pompo pokhapokha ukhale ndi UPS (batire losunga magetsi), ndiye ma meticais enanso amenewo. Inu amene mumagwira ntchito zolemerazi ku Tete kuno kotentha chonchi, laputopu ikumapirira osatentha? Nanga zipangizo zikafa mumazipeza kuti?