4G yafika kwathu koma bandulo ikusungunuka ngati mchere m'madzi, ndithandizeni nzeru

Mayi wa geni ya usipa, Lifuwu:
Abale anga pa gulu pano, ndabwera ndi nkhani. Ine ndimagulitsa usipa wouma ndi utaka kuno ku Lifuwu, Salima. Makasitomala anga ambiri ali ku Lilongwe, ena ku Area 25, ena kwa Chinsapo. Ndimajambula nsomba zili pathandala n'kuwatumizira pa WhatsApp, akakhutira amatumiza ndalama pa foni, ine n'kukakweza katundu pa Kamuzu Road.

Kale kuti chithunzi chimodzi chipite ndinkachita kukwera pachulu kuseri kwa nyumba, foni ili m'mwamba ngati ndikupempha mvula. Pakona pa foni pankalemba E (ndiye 2G), tsiku lamwayi H (ndiye 3G). Mwezi wathawu nsanja yatsopano yayamba kugwira ntchito, mwana wa achimwene anga wandisinthitsa simu khadi, pano pakulemba 4G. Kukoma kwake sindikana. Dzana kasitomala wina amakayika kuti mwina usipa ndi wogonera, ndidamuimbira pa vidiyo ndili pagombe, adadzionera yekha ukung'anima, n'kuitanitsa zigoba khumi pompo.

Koma bandulo ya 1GB yomwe inkanditengera sabata yathunthu ikutha masiku awiri. Lachitatu idatha usiku ine ndili mtulo, kudzuka m'mawa mayunitsi omwe ndidasunga oimbira asodzi nawonso apita. Foni ikutenthanso, batire sakufika madzulo. Ndiye ndibwerere ku 3G? Kapena akutibera? Mwana uja akuti ndingogula foni ya 5G, zonse zitheka. Phindu la usipa mukulidziwa, sindingataye ndalama mwachisawawa.

Bambo wa kabaza, Khombedza:
Amatibera mayi, musavutike n'kufunsa. Inenso zomwezo. Ndidabwerera ku 3G, mtima uli m'malo.

Wokonza mafoni, Kamuzu Road:
Mayi, musathamangire kubwerera. Anthu ngati inu ndimawalandira pabenchi panga tsiku lililonse. Chithunzi cha usipa chomwecho, kaya chapita pa 3G kaya pa 4G, chimadya ma MB ofanana. Chasintha ndi khalidwe la foni yanu. Netiweki ikakhala yofooka, YouTube, Facebook ndi TikTok zimakupatsani kanema wosaoneka bwino, wopepuka, ndipo nthawi zambiri mumatopa n'kuzisiya kanemayo asanatseguke. Zikaona kuti msewu watseguka zimakweza zokha ubwino wa kanema osakufunsani. Pa YouTube, ola limodzi pa 360p (kanema wosaoneka bwino) limadya pafupifupi 300MB, koma pa 720p (wooneka bwino) likhoza kumaliza 1GB yonse. Kanemayo ndi mmodzimodzi.

China, mapulogalamu omwe ankalephera kudzikonza chifukwa cha netiweki yofooka, pano akungotsitsa ma update usiku inu muli mtulo. Ndikukayika kuti Lachitatu lija n'zimene zidachitika. Lowani mu Play Store, pa Settings, muike kuti update izichitika pa Wi-Fi pokha. Mu WhatsApp pitani pa Storage and data, muchotse kutsitsa kokha kwa mavidiyo. Magulu a mpingo ndi a banki m'khonde amatumiza makanema ambirimbiri omwe simuwaonera n'komwe, koma foni ikhoza kukhala itawatsitsa kale. Pa Facebook zimitsani autoplay, yomwe imachititsa makanema kuyamba okha. Musanagone muzizimitsa data, chifukwa bandulo ikatha data ili yoyatsa, foni ikhoza kupitirira kudya mayunitsi pamtengo wokwera.

Koma musanachite zonsezi, lowani pa Settings ya foni, mupeze Data usage. Imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi ma MB omwe yadya. Mutiuze zomwe mupezepo.

Bambo wa kabaza, Khombedza:
Achimwene mukuyankhula ngati amakulipirani.

Wokonza mafoni, Kamuzu Road:
Akadandilipira bwenzi ndili ndi shopu ya galasi, osati benchi pansi pa mtengo. Inu kubwerera ku 3G kwakuthandizani chifukwa makanema akukanika kutseguka, basi. Koma mayiwa akugulitsa ndi vidiyo, pa 3G nkhope ya kasitomala izingoima ngati chithunzi.

Mphunzitsi, Dwangwa:
Ndionjezereko pa nkhani ya 5G. Mayi, ndalama yanuyo musungeni. 4G m'dziko muno si yachilendo, TNM idayamba nayo mu 2016, Airtel mu 2018, kungoti kumadera akunyanja kuno ikufika pang'onopang'ono, nsanja ndi nsanja. 5G yokha TNM idayamba kuiyesa mu 2023 m'malo ochepa a ku Blantyre ndi Lilongwe. Foni ya 5G imafuna nsanja ya 5G, popanda iyo izingolemba 4G yomweyo mwaipeza kaleyo, inu mutalipira ndalama zambiri. Mnzanga wina kusukulu adanyadira kuti ali ndi 5G chifukwa dzina la Wi-Fi ya rauta yake limathera ndi 5G. Ija ndi 5GHz, mtundu wa mafunde a Wi-Fi, nkhani ina ndithu, tidamuseka sabata yonse.

Za kutentha kwa foni ndidaziona ineyo. Kunyumba kwanga kuli kumapeto kwenikweni komwe 4G imafika, foni imangodumphadumpha pakati pa 4G ndi H, ndipo kusakasakako kumamaliza batire. Ndikakhala kusukulu, pafupi ndi nsanja, imafika madzulo bwinobwino. Onani timizere ta netiweki tili tingati mukakhala m'nyumba. Ndipo musadabwe mukaona 4G yasanduka H pamene mukuimba foni wamba, mafoni ambiri amatero, mukadula imabwerera.

Mtsikana wa saluni, Senga Bay:
Anti, funso langa ndi limodzi. Madzulo foniyo imakhala m'manja mwa ndani?

Mayi wa geni ya usipa, Lifuwu:
Ayi ndabweranso, manyazi andigwira. Ndapita pa Data usage paja monga mwanenera achimwene. WhatsApp yomwe ndimagwirira ntchito yadya 180MB yokha. Play Store 240MB. Zotsalazo ndi TikTok, pulogalamu yomwe ine sindidaitsegulepo chibadwire, sindimadziwanso kuti ili m'foni mwanga. Mwanawe wa ku Senga Bay, walasa. Ndikamaphika madzulo foni imakhala ndi mwana wa achimwene anga uja, amati akundionera mauthenga a makasitomala. Ndi yemweyo amandiumiriza za 5G! Ndamufunsa, wangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi.

Ma update ndazimitsa, za mavidiyo a m'magulu ndachotsa. Timizere m'nyumba tikumakhala tiwiri, pakhonde tinayi, ndiye aphunzitsi mwina mwanena zoona za batire. 4G ndikhala nayo, mawa ndili ndi kasitomala wa ku Mchesi wofuna kuona utaka pa vidiyo.

Tsopano mundiuze, foni imeneyi ndingaitseke bwanji kuti mnyamatayu asamaitsegule? Vuto n'lakuti nambala yachinsinsi yomwe ilipoyi adandiikira ndi iye yemwe.

Wokonza mafoni, Kamuzu Road:
Mukamabwera kudzakweza katundu mudzadutse pabenchi, tidzaika ya chala chanu. Mnyamatayo mudzamusiye kunyumba.