Thandizeni, laputopu ikukana kuonetsa bwino pa TV yakale

Moni nonse abale pagulu pano. Ndili ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Mwana wanga wa ku Moatize wanditumizira laputopu kuti adzukulu azionera makanema pa TV, koma kulumikiza kwandikanika.

TV yathu ndi yachimsana ija, mainchesi 21. Kumbuyo ili ndi mabowo atatu, lachikasu, loyera ndi lofiira, kuphatikiza la eriyo basi. Laputopuyo ili ndi bowo lolumikizira TV la mtundu wa HDMI lokha, la mtundu wa VGA ilibe.

Poyamba ndinagula chingwe pamsika, uku mutu wa HDMI, uku mitu itatu. Sipanaoneke kanthu, ndalama yanga inangolowa m'madzi. Mnyamata wina wokonza mawailesi anati pakufunika kabokosi kosinthira. Ndinakagula, kolembedwa HDMI2AV, kolandira moto pa USB. Pano mawu akumveka bwinobwino, koma chithunzi chilibe mtundu, ndipo chikungogudubuzika kukwera m'mwamba mpaka maso kuwawa. Ndabwereka chingwe china kwa aneba, ndapukuta mitu yake, chimodzimodzi.

Pambali pa kabokosiko pali kaswitchi kolembedwa PAL ndi NTSC. Sindinakakhudze, ndikuopa kupsereza TV. Kodi ndikakankhire mbali iti? Kapena kabokosi komweko ndiye kakufa? Ndiuzeni chonde, ndisanawononge ndalama ya chapa (minibasi) kupita ku Tete.