Kodi banner ya mamita 3 imafunikadi chithunzi cha 300 DPI?

Mlembi wa kwaya, Zomba:

Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa ntchito yosindikiza zikwangwani zikuluzikulu. Kwaya yathu ikukonzekera msonkhano wa makwaya, ndipo ine ndapatsidwa ntchito yokonza banner ya mamita 3 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, imene idzapachikidwa pamwamba pa khomo la holo. Padzakhala dzina la kwaya, tsiku la msonkhano, chizindikiro cha mpingo ndi chithunzi chimodzi cha oimba onse. Kosindikizira anandiuza mwachidule kuti ndibweretse fayilo ya 300 DPI, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, koma nditatsegula tsamba lalikulu chotere mu Photoshop, kompyuta inayamba kuchedwa kwambiri, ndipo pamapeto pake inakana kusunga ntchitoyo ngati PSD, mtundu wa fayilo wa Photoshop. Chithunzi cha oimbacho chinajambulidwa pa foni ndipo chinandipeza kudzera pa WhatsApp. Kodi 300 DPI ndi lamulo losasinthika? Nanga ndikangosintha nambala ya chithunzicho kuchoka pa 72 kufika pa 300, chidzatuluka bwino?

Wosindikiza wa ku Limbe:

Alembi, vuto silili ndi kompyuta yanu. Mamita 3 ndi mainchesi pafupifupi 118, ndipo mukachulukitsa ndi 300 mupeza ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) opitirira 35,000 m'litali mokha, pamene fayilo ya PSD imalekeza pa 30,000 mbali iliyonse. Tsamba lonselo likanakhala ndi ma pixel oposa 400 miliyoni, katundu amene ngakhale makina athu sakumufuna pa ntchito yotere.

Nambala ya 300 inachokera ku zinthu zowerenga zili m'manja, monga buku, kalendala ya pa tebulo kapena khadi la ukwati, zimene diso limaziona pa mtunda wa masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Chinthu chikatalikira, diso silithanso kusiyanitsa timadontho ting'onoting'ono, choncho kuwonjezera timadonthoto ndi kungolemetsa fayilo. Pali kawerengedwe kosavuta kamene kamachokera pa mphamvu ya diso la munthu woona bwino: gawani 87 ndi mtunda wa woonayo m'mamita, ndipo yankho lake ndi ma pixel ofunika pa inchi iliyonse. Pa masentimita 30 yankho ndi 290, nambala yoyandikana ndi 300 ija. Pa mita 1 yankho ndi 87, pa mamita 3 ndi 29. Ndi chifukwa chake zikwangwani za m'mbali mwa msewu zimaoneka zosalala muli m'galimoto, koma mutakwera n'kuziyandikira mukhoza kuwerenga timabokosi take.

Kwa banner yanuyo ine ndingakonze pa 100, zimene zikupereka ma pixel 11,811 m'litali ndi 3,937 m'lifupi, ndipo kompyuta ikavutikabe, 72 ndi yokwanira. Musasokonezekenso mukamva kuti makina amasindikiza pa 720 kapena 1440 DPI. Imeneyo ndi nambala ya madontho a inki amene makina amalavula kuti apange mtundu uliwonse, ndipo siikukhudza kuchuluka kwa ma pixel a m'fayilo yanu.

Pa funso lachiwiri, yankho ndi ayi. Mukalemba 300 pamene panali 72, pulogalamu imangopeka ma pixel atsopano poyang'ana oyandikana nawo. Zili ngati kuthira madzi m'ndiwo zochepa: mphika udzadza, koma nyama ikadali yomwe ija.

Wokonza zithunzi, Lilongwe:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene bambo a ku Limbe afotokoza, koma ndikufuna kuchenjeza pa nambala ya 29 ija, kuti wina asaitenge ngati chilolezo. Kawerengedweko kamaganiza kuti anthu adzaima patali, pamene banner yokhala ndi nkhope za anthu siionedwa choncho. Woimba aliyense adzafika pansi pake penipeni kudzafunafuna nkhope yake, adzaitana ndi abale ake omwe, ndipo m'chithunzi cha gulu nkhope iliyonse imakhala yaing'ono kwambiri moti ndiyo imayamba kuwonongeka ma pixel akachepa.

Ndiye chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi WhatsApp. Chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, pulogalamuyi imachichepetsa, nthawi zambiri kufika pa ma pixel 1,600 mbali yaitali, ndipo imachipanikizanso kuti chisadye data yambiri. Kupanikizako kumasiya timabala m'mphepete mwa nkhope ndi mwa zovala, timene pa foni sitioneka koma pa banner timakula pamodzi ndi chithunzi. Tiyerekeze kuti chithunzicho chidzatenga mita yonse ya m'lifupi mwa banner. Ngati mbali yake yaifupi ili ndi ma pixel 1,200, ndiye kuti inchi iliyonse ilandira 30 okha. Chithunzi chomwecho chikatengedwa mmene chinatulukira mu kamera ya 12 megapixel, chimakhala cha 4,000 ndi 3,000, ndipo inchi iliyonse ilandira 76, zimene zili bwino ndithu.

Choncho, alembi, pitani kwa amene anajambula, atumize chithunzicho ngati Document, kapena muchikopere pa flash. Mukachilandira, musayang'ane nambala ya DPI yolembedwa m'fayilo, chifukwa siinena kanthu pa ubwino wa chithunzi. Yang'anani ma pixel a m'litali ndi a m'lifupi, kenaka muwagawe ndi mainchesi a malo amene chithunzicho chidzakhale.

Mawu ndi chizindikiro ndi nkhani ina. Zimenezi zisakhale za ma pixel n'komwe. Mukazikonza mu CorelDRAW, Illustrator kapena Inkscape, imene ndi yaulere, zimakhala za vector, kutanthauza kuti kompyuta imasunga mizere ndi kapindikidwe kake, ndipo imatha kuzikuza mpaka paliponse m'mphepete mwake muli chakuthwa.

Mlembi wa kwaya, Zomba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Chithunzi choyambirira chapezeka, ndipo ndi cha 4,000 ndi 3,000 monga mwanenera, mayi. Chatsala ndi chizindikiro cha mpingo, chimene tili nacho ngati JPG yaing'ono yochokera pa kalata. Kodi chimenechi ndichite nacho bwanji, ndipo fayilo yonse ndiipereke mumtundu wanji?

Wosindikiza wa ku Limbe:

Yambani mwafunsa ku ofesi ya mpingo ngati ali ndi chizindikirocho mu PDF, EPS, SVG kapena CDR, popeza amene anawasindikizirapo nsalu kapena makalendala ayenera kuti anachikonza kale. Chikapanda kupezeka, pezani munthu achijambulenso ngati vector. Musalole kuti JPG ya pa kalata ikuzidwe, chifukwa chizindikiro chachimbuuzi pafupi ndi zilembo zakuthwa chimaonekera kutali kuposa chithunzi chofooka.

Fayilo muipereke ngati PDF, koma musanaisunge sandutsani mawu onse kukhala ma curves, ndiye kuti zojambula za mizere, kuti font yanu ikasowa pa kompyuta ya osindikiza isalowedwe m'malo ndi ina. Ngati tsamba la mamita 3 likulemerabe, konzani pa gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye kuti masentimita 30 ndi 10. Mukatero kumbukirani kuti zithunzi ziyenera kukhala pa 1,000 kuti zikakuzidwa zitsike pa 100, ndipo posunga PDF muzimitse lamulo lochepetsa zithunzi, limene m'mapulogalamu ambiri limazidula kufika pa 300. Lembani kukula kwenikweni m'dzina la fayilo kuti pasakhale kulakwitsa.

Siyani masentimita 5 m'mphepete monse opanda mawu kapena nkhope, popeza m'menemo ndi mopinda ndi mobowola ma eyelet omangira zingwe, ndipo mufunse osindikiza anu kuti akufuna bleed (mbali yoonjezera ya chithunzi kunja kwa mzere wodula) yochuluka bwanji komanso ngati alandira mitundu ya RGB (ya pa sikirini) kapena ya CMYK (ya inki), chifukwa malo osindikizira amasiyana pa zimenezi. Mitundu yowala kwambiri pa sikirini, makamaka buluu ndi girini, imatsika pang'ono ikafika pa PVC, pulasitiki yosindikizapo banner.

Musanalipire, dulani kachigawo ka nkhope za oimba pa kukula kwake kwenikweni, mukasindikize pa pepala la A4, mukamate pakhoma, ndipo mukayang'ane mutaima pa mita 1 kenaka pa mamita 3. Nkhope zikazindikirika bwino pa mitunda iwiri yonseyi, tumizani fayiloyo.